Chitsononkho m'matumbo a galu wa miyezi 14: masiku awiri amene ndinataya

Nkhaniyi ndikulembera anzanga a ntchito ya ziweto, madokotala ndi alangizi omwe. Galu amene ndikufotokozayu anachira, koma matumbo ake otalika masentimita 12 anatsala m'beseni, ndipo ndikukhulupirira kuti bwenzi akadali nawo ndikanakhala kuti ndinafunsa munthu woyenera tsiku loyamba lija.

Anali galu wamphongo wa miyezi 14, wosakanikirana German Shepherd ndi galu wachikuda, wolemera makilogalamu 19. Ntchito yake inali kulondera nyumba ina ya mpanda mumzinda wa Lilongwe: masana m'khola, usiku panja. Khadi lake linali loyera bwino, katemera wa parvo, matenda osanzitsa ndi kutsegula m'mimba ana a agalu, anamaliza ali kamwana, wa chiwewe anabayidwa miyezi isanu m'mbuyomo. Unali mwezi wa Malichi, nthawi imene mondokwa amakhala ponseponse, pamphambano iliyonse pali mnyamata akukupiza mbaula.

Lachiwiri m'mawa

Amene anabwera naye ndi mnyamata wosamalira maluwa pakhomopo. Mwini galu anali kuntchito. Mnyamatayo anati galu wasanza kawiri Lolemba, kenako katatu usiku, ndipo nsima ya m'mawa wangoinunkhiza n'kuchoka.

"Wadya chiyani masiku amenewa?"

"Nsima ya mgaiwa ndi bonya, adokotala, monga mwa nthawi zonse."

"Palibe chachilendo chimene watola?"

"Ayi, palibe."

Sananame. Iye amaweruka 5 koloko madzulo, galu asanatulutsidwe m'khola. Zimene galu amachita usiku sakanazidziwa, ndipo ine sindinafunse kuti usiku amakhala ndi ndani.

Poyeza, kutentha kwa thupi kunali madigiri 38.9, mtima ukugunda ka 116 pamphindi, nkhama zofiirira bwino koma zomata pang'ono. M'makutu munali nkhupakupa zingapo. Ndinadutsa m'maganizo onse amene timadutsamo kuno galu wamng'ono akamasanza. Parvo: sanali kutsegula m'mimba, katemera anali naye, ndipo kachipangizo koyezera chimbudzi sikanasonyeze kanthu. Tameki, amene akuba amaika m'nyama: akanabwera akutuluka dovu, akunjenjemera, timaso titachepa ngati nsonga ya singano, ndipo sakanafika tsiku lachiwiri ali chiimire. Matenda a nkhupakupa: magazi a kukhutu ndinawaona pamaikulosikopu, munalibe Babesia, kachirombo koyambitsa matendawa. M'kamwa ndinayang'anamo nditavala magolovesi, mpaka pansi pa lilime pamene ulusi umakonda kukola. Munalibe kanthu. Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa ndaonapo anzathu akupisa dzanja lopanda kanthu m'kamwa mwa galu wotuluka dovu chifukwa mwiniwake wanena kuti fupa lamukola pakhosi. Kuno kwathu galu wotere ndi wachiwewe mpaka mutatsimikiza kuti si wachiwewe.

Mimba ndinaipapasa, koma ndivomere kuti sindinapapase mokwanira. Galu wolondera, womangidwa kukamwa ndi bandeji, ali m'manja mwa munthu amene samumvera, amaumitsa mimba ngati thabwa. Ndinayesa kwa theka la mphindi n'kuleka. Ngakhale ndikanalimbikira, mwina sindikanamva kanthu, pakuti agalu a chifuwa chakuya ngati ameneyu chifu chawo chimabisala kunsi kwa nthiti kumene zala sizifika. Koma pakhadi ndinalemba kuti "m'mimba mulibe chachilendo", pamene zoona zake zinali zakuti sindinathe kuyeza.

Ndinaganiza kuti wangodya zoola. Ndinamubaya maropitant, 1 mg pa kilogalamu, kuti asiye kusanza, ndinamuika madzi a dilipi otchedwa Ringer's pansi pa khungu, n'kupereka mankhwala a njoka zam'mimba oti adzamwe akayamba kudya. Mnyamatayo ndinamuuza kuti, "Akasanzanso mubwere naye."

Cholakwa changa chachikulu chili m'mawu amenewo. Chizindikiro chokhacho chimene ndinawauza kuti aziyang'ana ndi chomwecho chimene ndinali nditangochitseka ndi jakisoni. Maropitant amagwira ntchito maola pafupifupi 24, ndipo amagwira bwino kwambiri moti galu wotsekeka matumbo amatha kukhala chete tsiku lathunthu. Mwayi wokha unali wakuti sindinatenge metoclopramide, woletsa kusanza wina, amene ndi wotchipa ndipo amapezeka m'makabati ambiri. Ameneyu amalimbikitsa chifu ndi matumbo kukankha, ndipo matumbo akamakankha chinthu chimene chakana kusuntha, khoma lake ndi limene limavulala.

Lachitatu mwini galu anaimba foni ali wokondwa. "Adokotala, jakisoni uja wagwira. Sanasanze, madzi wamwa, ndiponso wanyambita phala pang'ono." Inenso ndinakondwa nawo. Sindinafunse ngati wachita chimbudzi.

Lachinayi masana

Cha m'ma 3 koloko anafika pagalimoto, mayi mwini galu ali kutsogolo, kumbuyo kuli mlonda wawo, bambo wachikulire wa imvi, atapakata mutu wa galu pamiyendo. Anamutenga chifukwa galuyo amamvera iye yekha. Kusanza kunali kutayambiranso Lachitatu pakati pa usiku, ndipo tsopano masanzi anali obiriwira modera, onunkha ngati chimbudzi. Titamutsitsa, galu anayenda mapazi angapo n'kugwaditsa miyendo yakutsogolo, chifuwa pansi, matako m'mwamba. Anakhala choncho osasuntha, maso ali pakhoma.

Sikelo inawerenga 17.6. Kutentha 39.4, mtima 164, nkhama zouma, ndipo ndikadinikiza ndi chala magazi ankatenga masekondi atatu kuti abwerere. Khungu la pakhosi ndikalikoka linkatsala chiimire. PCV, muyeso wa gawo la magazi limene ndi maselo ofiira, inali 58 peresenti, mapuloteni 8.2 g/dL, zonse zosonyeza kuti thupi lauma. Chimbudzi anali asanachite kuyambira Lolemba. Mayiwo anati anamumwetsa Flagyl mmodzi amene anatsala m'kabati. Ndinawafunsa kawiri ngati sanamupatse Brufen, poti anthu ambiri amathamangira ameneyo akaona galu akumva ululu, ndipo kwa galu wouma thupi chonchi Brufen, kapena kuti ibuprofen, amaboola chifu n'kupha impso. Anati ayi.

Ulendo uno mimba inali yofewa chifukwa galu analibenso mphamvu zoumitsira. Pakati penipeni, cha kumbuyo kwa mchombo, ndinagwira chinthu cholimba, chachitali ngati chala chachikulu cha kumanja. Nditachifinya pang'ono galu anabuula.

X-ray tinajambula mbali ziwiri. Matumbo aang'ono anali a mitundu iwiri pachithunzi chimodzi: ena otupa, odzaza mpweya ndi madzi, ena opyapyala opanda kanthu. Ndinayeza thumbo lotupitsitsa n'kuyerekeza ndi kutalika kwa thupi la fupa la msana la L5 pamene lili lopyapyala. Zikapitirira 1.6 timayamba kukayikira kuti patsekeka. Apa zinali 2.2. Koma chotsekacho sichinkaoneka. Mwala, ndalama yachitsulo kapena fupa zimawala pa X-ray, pamene chitsononkho, nsalu, pulasitiki ndi njere ya mango zimafanana ndi mnofu wozungulira. Nditayang'anitsitsa pamalo amene ndinagwira chinthu chija, panali timadontho takuda tondandalikana bwino, mpweya wokodwa m'timaenje. Ndinali ndisanatchule dzina lake pamene mlonda uja anayankhula.

Mayi anali atatuluka kukayankha foni. Ine ndinkameta mwendo wa galu kuti ndiike kanyula, kachubu kolowetsera dilipi mumtsempha, madalawo atagwira mutu.

"Adokotala, ndinene chinthu. Koma adona asamve."

"Nenani, bambo."

"Lamulungu usiku ndimawotcha mondokwa pambaula, kunkazizira. Nditatha kukukuta, chitsononkho ndinachithyola pawiri n'kuponya chapompo. Uyu anangoziwakha, zonse ziwiri, osatafuna n'komwe. Ndinamumwetsa madzi amchere kuti asanze, anangosanza thovu. M'mawa mwake ndinamupatsa mafuta ophikira kuti zitsetsereke. Ndimati zituluka."

Anali akuyang'ana pansi. Galuyo anagulidwa ndi ndalama zoposa malipiro ake a miyezi ingapo, ndipo iye ankadziwa zimenezo kuposa ine. Ndinamufunsa kukula kwa zidutswazo, anandisonyeza ndi zala. Ndinamufunsanso kuti atsimikize ngati zinalidi ziwiri. Anati ziwiri.

Chisankho

Panalibenso zokayika kuti pafunika opaleshoni. Funso linali lakuti liti. Galu wa mtima 164 ndi PCV 58 ukamugoneka nthawi yomweyo umamutaya patebulo. Koma chinthucho chinali chitakhala m'thupi masiku anayi, kutentha kukukwera, ndipo thumbo lofinyika limafa ola ndi ola. Ndinasankha kumupatsa maola anayi a dilipi, osapitirira, n'kutsegula usiku womwewo.

Makilogalamu 1.4 amene anataya ankagwirizana ndi kuuma kwa pafupifupi 8 peresenti, kutanthauza madzi okwana lita imodzi ndi theka. Ndinathamangitsa Ringer's, 20 ml pa kilogalamu m'mphindi 20, kawiri, kenako n'kuchepetsa liwiro. Makina oyezera mchere wa m'magazi tilibe, koma galu amene wasanza masiku anayi amakhala atataya potassium ndi chloride, choncho m'thumba lachitatu, loyenda pang'onopang'ono, ndinaikamo potassium chloride 20 mEq pa lita. Ameneyu saikidwa m'thumba lothamangitsa, ndipo sapitirira 0.5 mEq pa kilogalamu pa ola, apo ayi mtima umaima. Wa ululu ndinapereka pethidine. Meloxicam, wa gulu la Brufen uja, ndinamusiya m'kabati mpaka kumapeto kwa nkhani yonseyi.

Mayi atabwerera ndinawauza kuti m'matumbo mwatsekeka chinthu, ndipo ndikuganiza kuti ndi chitsononkho. Anafunsa funso limene eni agalu onse amafunsa: "Osangomupatsa mankhwala otsegula m'mimba bwanji?" Ndinawauza kuti chitsononkho sichigayika, sichifewa, ndipo khungu lake lokhakhala limaluma khoma la thumbo, moti ukachikankha ndi mphamvu chimene chimagonja ndi thumbolo. Ndinawafotokozera mtengo, ndinawauza kuti mwina ndidula mbali ya matumbo, kuti msoko ukhoza kuphulika pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, ndiponso kuti galu akhoza kufa ngakhale titachita zonse bwino. Ndinawauzanso kuti Lachiwiri ndinalakwitsa kumubweza kunyumba popanda kujambula. Anakhala chete nthawi ndithu, kenako anasaina.

Pofika 7 koloko madzulo mtima unali 128, nkhama zanyowa, ndipo anakodza.

Patebulo

Ndinamugoneka ndi ketamine 5 mg pa kilogalamu pamodzi ndi diazepam 0.25 mg pa kilogalamu mumtsempha, mutu uli m'mwamba, n'kulowetsa chubu cha mpweya msangamsanga ndi kuchifufumitsa, chifukwa chifu chodzaza madzi chimabweza nthawi ina iliyonse. Xylazine, wogonetsa wina, sindinamukhudze, amatsitsa mtima wa galu amene wangotuluka kumene m'shoko. Kenako isoflurane, mpweya wogonetsa. Ampicillin 22 mg pa kilogalamu ndi metronidazole 10 mg pa kilogalamu, zopha mabakiteriya, zinalowa ndisanacheke.

Ndinacheka pakati, kuyambira kunsi kwa fupa la chifuwa mpaka kupitirira mchombo, bala lalitali loti manja onse awiri alowe. Munali timadzi tochepa tofiirira, topanda fungo. Chidutswa choyamba sichinavute kupeza: chinali mu jejunum, chigawo chapakati cha matumbo aang'ono, thumbo litachikuta ngati sokosi yothina. Kumtunda kwake matumbo anali otupa, ofiira moderako. Kumunsi anali opyapyala, oyera bwino.

Apa mtima umafuna kuti ucheke pomwepo, uchotse, utseke, ukagone. Ndinayendetsa zala kuyambira kuchifu mpaka kuthumbo lalikulu, monga timaphunzitsidwira, ndipo sindinamve kanthu kena. Ndikanapanda kumva mawu a mlonda uja ndikanakhutira. Koma anati ziwiri. Ndinabwerera kuchifu, chimene chinali chodzaza madzi ngati chibaluni, ndinapempha wondithandiza kuti alowetse chubu kukamwa n'kupopa madziwo, ndipo chitaphwa ndinachipapasa ndi manja awiri kuyambira kumtunda kwenikweni kunsi kwa nthiti zakumanzere. Chinali pamenepo, chikuyandama, chachifupi kuposa chinzake. Chikanatsala, sabata yomweyo chikanatsika n'kukakakamira pamsoko wanga watsopano.

Chidutswa cha m'thumbo ndinayesa kuchikama kuti chisunthire kumunsi kwabwino, chinakana. Ndinatchinga ndi nsalu zonyowa, n'kucheka kumunsi kwake pang'ono, mbali yotalikirana ndi mitsempha, ndipo ndinachitulutsa pang'onopang'ono. Chinali cha masentimita 4.5, chakuda ndi ndulu, cholimba ngati tsiku limene chinamezedwa. Kabowoko ndinakatseka mongoyembekezera, thumbo ndinalikuta ndi nsalu za madzi ofunda, ndinasintha magolovesi ndi zipangizo, n'kupita kuchifu. Kumeneko ntchito inali yosavuta: kucheka pakati pa mapindiko awiri pamene mitsempha ndi yochepa, kutulutsa, kusoka mizere iwiri. Chifu chimakhululuka, chili ndi magazi ambiri.

Ndikumaliza msoko umenewo magetsi anazima. Batire inanyamula makina a okosijeni koma nyale yaikulu ayi, ndiye tinatsala ndi tochi ya pachipumi ndi foni ya wondithandiza. Ndikutchula zimenezi chifukwa kuwala kwa tochi zamasiku anozi kumapita kubuluu, ndipo thumbo lililonse limaoneka lodwala pansi pake. Nthawi yoweruza ngati thumbo lili moyo inali itakwana, ndipo mtundu, umene timaudalira kwambiri, sukanandithandiza.

Ndinadalira zala. Panali patatha mphindi pafupifupi 15 chichotsereni chitsononkho. Kumtunda, thumbo ndikalitsina linkadzikoka, ndipo timitsempha ta m'mbali tinkagunda pansi pa chala. Pamene panakhala chitsononkho, ndi pang'ono kumtunda kwake, ndikatsina linkangokhala phwii, khoma lake lopyapyala ngati pepala lonyowa, ndipo panali malo awiri otuwa amene ngakhale tochi sinathe kuwabisa. Ndinalibaya ndi nsonga ya singano: kumtunda kunatuluka kadontho kofiira, apa ayi. Thumbo lotere likhoza kuoneka lolumikizika lero, n'kudzaboola Loweruka. Ndinasankha kudula.

Ndinamanga mitsempha yopita kuchigawo chakufacho, wondithandiza anapana matumbo ndi zala zake m'malo mwa zitsulo, ndipo ndinadula masentimita 12, mpaka mbali zonse ziwiri zitatulutsa magazi ofiira. Kamwa la kumtunda linali lalikulu kuposa la kumunsi, ndiye lakumunsilo ndinalidula mopendekera kuti milomo ifanane. Msoko woyamba ndinauika kumbali ya mitsempha, kumene mafuta amabisa m'mphepete ndipo kudontha kumayambira kawirikawiri; wachiwiri moyang'anana nawo; yotsalayo umodziumodzi, motalikirana mamilimita atatu, uliwonse utagwira submucosa, nembanemba ya m'kati mwa khoma la thumbo, poti ndiyo yokha imene ili ndi mphamvu. Ulusi unali PDS 3-0, umene umasungunuka mochedwa. Ndikudziwa kuti m'malo ambiri chimene chimapezeka ndi ulusi wa catgut, koma m'matumbo catgut amadyedwa msanga, nthawi zina thumbo lisanagwirane. Ine ndimasunga mapaketi awiri a PDS m'kabati yokhoma chifukwa cha usiku ngati umenewu.

Nditapana mbali zonse ndinabaya madzi amchere a kuchipatala otchedwa saline pafupifupi 15 ml m'kati. Panatuluka kadontho kamodzi pafupi ndi msoko woyamba uja. Ndinaonjezera umodzi, n'kuyesanso, panali gwa. Ndinatseka mpata wa mesentery, nembanemba yonyamula mitsempha ya matumbo, mosamala kuti ndisabaye mitsempha yotsala, ndinatsuka m'mimba ndi malita atatu a saline wofunda, ndinakuta msokowo ndi chinsalu cha mafuta chija, omentum, ndinasinthanso magolovesi, n'kutseka. Zonse zinatenga maola awiri ndi mphindi 10. Galu anatsika patebulo kutentha kwa thupi kuli pa 36.1, ndipo tinamuzunguliza mabotolo a madzi ofunda okutidwa m'matawulo. Magetsi anayaka tikutsuka zipangizo.

Masiku otsatira

Lachisanu cha m'ma 11 koloko m'mawa, patatha maola pafupifupi 14, ndinamupatsa madzi, kenako masipuni awiri a phala la mpunga losakaniza ndi nkhuku yophika yopanda mafupa. Kale tinkawamana chakudya masiku awiri kapena atatu poopa msoko, koma khoma la thumbo limadyera chakudya chodutsa m'kati mwake, ndipo limapola bwino likamagwira ntchito pang'ono. Kwa ine anakana. Mlonda atabwera madzulo asanalowe ntchito, anadya m'dzanja lake. Loweruka anachita chimbudzi chofewa chakuda, ndipo wondithandiza ananditumizira chithunzi chake pa WhatsApp ngati nkhani ya ukwati.

Lamulungu, tsiku lachitatu, anakana chakudya ndipo kutentha kunakwera kufika 39.7. Aliyense amene anasokapo matumbo akudziwa zimene zinabwera m'mutu mwanga. Mtima unali 110, mimba yosaumitsa kwenikweni, sanasanze. Ndinabaya singano m'mimba n'kupeza timadzi tosakwana 1 ml. Pamaikulosikopu munali maselo oyera a magazi otchedwa neutrophil, ooneka athanzi, opanda mabakiteriya m'kati mwawo, ndiponso munalibe tizidutswa ta chakudya. Shuga wa m'magazi anali 96 mg/dL, wa m'timadzimo 88. Akasiyana kuposa 20 timaopa kuti m'mimba mwalowa zoola, ngakhale kuti m'mimba mongochekedwa kumene muyeso umenewu sindiudalira pawokha. Maso anga anali kwambiri pa maselo. Ndinaganiza zosatsegula, koma kumuyezanso maola anayi aliwonse, nditakonzeka kuti mtima ukakwera kapena akasanza tibwerera patebulo.

Chimene chinavuta anachipeza ndi wondithandiza posintha bandeji. Mwendo wa kanyula unali wotupa, wotentha, mtsempha uli ngati chingwe. Kanyula yomwe ija ndinaika Lachinayi mothamanga, mlonda akundiuza nkhani yake, inali ikadali pomwepo. Tinaichotsa, tinathowa mwendo, n'kuika ina kwina. Lolemba m'mawa anali pa 38.8 ndipo anamaliza mbale. Ndinamusungabe mpaka Lachitatu kuti masiku oopsa aja adutse ali pamaso panga.

Lamulungu loyamba lija

Ndakhala ndikuganizira zimene zikanachitika foni ikanalira usiku umene galu anameza. M'maola awiri oyambirira chinthu chimakhala chikadali m'chifu, ndipo apomorphine, 0.03 mpaka 0.04 mg pa kilogalamu mumtsempha, amasanzitsa galu m'mphindi zochepa. Kwa chitsononkho ndikanalingalira kaye, chifukwa chinthu chokhakhala chikhoza kukakamira kummero pobwerera, ndipo opaleshoni ya m'chifuwa ndi yoopsa kuposa ya m'mimba. Komabe zidutswa za kukula kumeneku, mwa galu wa makilogalamu 19 amene anazimeza mosavuta, ndikanayesa, nditamudyetsa kaye chakudya chofewa pang'ono kuti chizikute, ndili ndi chubu cha mpweya pafupi. Zikanakana, ndikanatsegula chifu Lolemba, galu ali ndi mphamvu zake, matumbo osakhudzidwa.

Si chilichonse chomezedwa chimene chimafuna mpeni. Kamwala kosalala, batani la malaya, kachidutswa ka labala, mwa galu wamkulu amene akudya ndi kusewera, ndimalola kuti tidikire: azidya monga mwa nthawi zonse, chimbudzi chilichonse achifwanyule ndi kamtengo, ndipo zambiri zimatuluka tsiku limodzi kapena awiri. Zikapitirira masiku atatu, kapena galu akasanza, akakana chakudya, akafooka, kudikira kwatha. Koma pali zina zimene sindisanzitsa ndiponso sindidikira mwachisawawa. Singano, mbedza, kamtengo kobayira nyama ndi fupa losongoka zimang'amba pobwerera. Batire, makamaka tating'ono tozungulira ta mawotchi, timawotcha mnofu m'maola ochepa tikakakamira kummero. Ulusi, chingwe cha thumba la ufa kapena nsanza yaitali imakola pansi pa lilime kapena potulukira chifu, matumbo n'kudzikwinya pa iyo, ndipo imacheka ngati sowo. Ikamalendewera kumatako musalole munthu aikoke. Galu wofooka, wokomoka kapena wa mphuno yophwatalala sasanzitsidwa, zimapita kumapapo.

Madzi amchere amene madala aja anagwiritsa ntchito ndi mankhwala odziwika m'makomo ambiri, ndipo ndi oopsa kuposa mmene anthu amaganizira. Galu akapanda kuwasanza, mcherewo umalowa m'magazi n'kukoka madzi a muubongo, ndipo akhoza kuyamba kugwa khunyu. Mafuta omwetsa mokakamiza nawonso akalakwa njira amakathera m'mapapo. Uyu anapulumuka zonse ziwiri chifukwa madalawo anachita mantha n'kulekeza panjira.

Kuyambira pamenepo ndinasintha zinthu ziwiri pantchito yanga. Galu wamng'ono wosanza popanda kutsegula m'mimba, ngati sindinathe kupapasa mimba yake bwinobwino, ndimamupatsa mankhwala omufewetsa n'kupapasanso, kapena ndimajambula. Ndikasankha kumubaya woletsa kusanza, ndimawauza kuti abwere naye mawa lake zivute zitani, ndipo pafoni ndimafunsa za chimbudzi ndi kuchuluka kwa chakudya chimene wadyadi, osati za masanzi. Chachiwiri, ndimafunsa mayina a ntchito a anthu onse apakhomo: wophika, wa maluwa, mlonda, ana. Amene amakhala ndi galu usiku ndimapempha kuyankhula naye ndekha, abwana ali kutali, ndipo sindiyamba ndi kuti "munamupatsa chiyani". Ndimayamba ndi kuti, "Agalu amaba, bambo, ndiuzeni chimene anakuberani."

Tsiku lotuluka mayi anandifunsa kuti chitsononkhocho anachitenga kuti, popeza m'nyumba mwawo sanagule mondokwa sabata imeneyo. Ndinali nditakambirana kale ndi madala aja, ndipo ndinawauza kuti sindinama, koma ndi bwino anene okha ine ndili pomwepo. Ananena, chipewa chili m'manja. Mayi anakwiya ndithu. Ndinawaonetsa zidutswa ziwirizo m'botolo, n'kuwalozera chaching'onocho, ndipo ndinawauza kuti ichi ndikanachisiya m'mimba pakanapanda mawu a bambowa, komanso kuti pa masiku anayi amene anatayika, awiri anali anga.

Kolala ya pulasitiki yomuletsa kunyambita bala galu anaiswa usiku woyamba. Madala anadula tako la chidebe chakale, anaboola timabowo m'mphepete n'kuchimangirira kulamba wa m'khosi, ndipo chinakhala mpaka tsiku la 12 pamene anabwera naye kudzachotsa ulusi. Bala linali louma, kupatula kachotupa ka madzi kumapeto kwake kamene kanaphwa kokha. Sikelo inawerenga 18.4. Patatha milungu isanu ndi umodzi anali pa 19.6, akudya nsima yake ndi bonya, chimbudzi chili bwino. Amene anabwera naye ulendo umenewo anali madala omwewo, ali m'yunifolomu ya ntchito, ndipo m'jumbo anandinyamulira mondokwa anayi a m'dimba lawo.